Anapiye Omizidwa mu Jivi

Linali Lachinayi la m'mwezi wa Juni, nthawi ya 10 koloko m'mawa, pamene thadzi langa linatuluka pansi pa nkhokwe ndi anapiye asanu ndi anayi. Nthawi ndikuidziwa chifukwa pomwepo aphunzitsi anamenya chitsulo chopumila pasukulu ya kutsidya kwa msewu, ndipo thadzi linaima kaye, mwendo umodzi uli m'mwamba, kumvetsela. Ine ndinali pakhonde ndikuyamwitsa mwana. Pamudzi panalibe munthu wina wamkulu. Apongozi anga aakazi ndi alamu anga, mlongo wao wa amuna anga, anali atalawilila kumunda kukatola thonje lotsala.

M'mawa mwake ndinayenela kupita kwathu.

Kwathu ndi ku Nyampande, ku Petauke. Ife Ansenga mwamuna ndiye amabwela kudzakhala kwa mkazi, koma ine ndinakwatiwa kwa Angoni amene anachokela ku Chipata n'kudzamanga ku Kacholola, ndipo iwo mkazi amamutenga. Ananditenga ndili wamng'ono. Patangopita miyezi yochepa amuna anga anapeza ntchito yaulonda ku Lusaka, n'kundisiya m'manja mwa amai ao. Kuchokela tsiku limene ndinatsika pamudzi uja, nyengo zamvula zinadutsa ziwili ndisanapondenso kwathu. Mwana anabadwa, anatuluka m'chikuta, anayamba kuseka, anafika miyezi isanu, amai anga osamuona.

Ndipo maso a amai anali akutha. Ng'ala inayamba diso limodzi ine ndisanachoke. Mai wina wogulitsa nthochi ku Nyimba, amene mchemwali wake anakwatiwa kufupi ndi kwathu, anandipatsa uthenga wapakamwa tsiku lina ndili kusikelo. Anati, "Amai anu akuti nileteleni mzukulu wangu nimuone, diso linalo nalo layamba utsi."

Uthengawo ndinayenda nao masabata atatu osautulutsa. Ine pakamwa panga ndi polemela chibadwile. Kusukulu ndinalekela Giledi 3, ndipo zaka zitatu zonsezo sindikumbuka kuti ndinakwezapo dzanja. Pamaso pa apongozi ndinkagwada, kuyang'ana pansi, n'kumangoti, "Ee, amama." Sanali munthu wankhanza. Anali munthu wa mau ochepa ndi ntchito yambili, ndipo anthu awili osalankhula akakhala pakhomo limodzi, nkhani zimaola m'mimba. Amene anandilankhulila ndi alamu, nditawauza kuchitsime. Iwo ndiye pakamwa panali pa mpeni.

Apongozi anavomela, koma mwa njila yao. Anati mtengwa wa pakhomo pao sakwela basi yekha ndi khanda pakati pa anthu osawadziwa. Komanso zaka zija za chipani chimodzi, pokwelela basi pankakhala anyamata ofunsa khadi la chipani, ndipo ine khadi ndinalibe. Koma panali msuweni wa amuna anga, dalaivala wa lole yonyamula mabelo a thonje kupita ku Chipata. Iyeyo akananditsitsa pamphambano ya Petauke n'kundipeleka m'manja mwa munthu wodziwika. Ulendo wake womaliza chaka chimenecho unali wa Lachisanu. Ukatha umenewo lole inkapita kukagwila ntchito kwina, ndipo pambuyo pake kunali kusosa, kubzala, kupalila, mpaka chaka china.

Katundu ndinali nditamanga kale kuyambila Lolemba: matewela, chitenje chatsopano chimene amuna anga anatumiza, mchele wodzaza kapu, ndi theka la sopo limene ndinabisa kudenga. Sopo masiku amenewo ankasowa ngati nyama.

Tsopano za thadzi lija. Apongozi anandipatsa lili msoti, sabata imene ndinafika. Anati, "Iyi ni yanu. Zimene izabala ni za ana ŵanu." Ulendo woyamba linaswa anapiye asanu ndi awili, ine ndili ndi pakati. Kacholola ndi malo a mapili, ndipo akabawi a kumeneko sachita manyazi. Amatsika ngakhale munthu ali pabwalo akusinja. M'masabata awili anapiye onse anatha, wina lelo, wina mailo, ine ndikungothamanga ndi mimba yanga n'kumakuwa mochedwa. Watsiku lomaliza atapita, apongozi anayang'ana kumwamba, kenako anayang'ana thadzi likuzungulila lokha, n'kunena kwa alamu, osati kwa ine, "Kuŵeta ni dzanja. Ŵena alibe."

Mau amenewo sindinawaiwale. Ndiye poona anapiye asanu ndi anayi aja akugubuduka pambuyo pa mai wao, sindinakondwe. Ndinaganiza za masabata awili amene ndikakhale kwathu, pakhomo popanda munthu usana wonse, akabawi ali pamwamba. Ndinadziona ndikubwela n'kupeza thadzi lili lokha kachiwili, ndipo ulendo uno akanati ndinasiya ziweto za mwana n'kupita kukacheza. Ndinafuna kuchoka popanda mlandu kumbuyo, kuti tsiku lina ndikadzapemphanso ulendo asadzakhale ndi ponenela.

Nzelu ndinali nayo, yoitola pamzele kusikelo. Mwezi wapitawo mwana anatuluka tizilonda toyela m'kamwa, ndipo anesi anandipatsa kabotolo ka jivi, mankhwala aja opaka pazilonda, amene mtundu wake uli pakati pa buluu ndi kufiila, ndipo akakugwila sachoka msanga. Amai awili a ku Ndake amene anali patsogolo panga anaona kabotoloko, mmodzi n'kuuza mnzake kuti, "Aka ukasunge kakatsala. Kwathu timapaka anapiye, kabawi akaona mtundu uja sadziwa kuti ni chakudya." Mnzakeyo anaseka, n'kuvomeleza kuti nayenso anachitapo. Ndinafuna kufunsa kuti amapaka bwanji, pati, anapiye ali a masiku angati. Funso linafika pamilomo. Mmodzi wa iwo anatembenuka kundiyang'ana, ine n'kuyamba kukonza chipewa cha mwana.

Mwana anachila, jivi anatsala woposa theka.

Ndinagoneka mwana pamphasa. Ndinatenga mbale yakuya, n'kuthilamo madzi a mumtsuko, n'kukhuthulilamo kabotolo konse. Madzi anasanduka okongola, moti ndinaima kaye kuwayang'ana. Thadzi ndinalivundikila ndi dengu lalikulu lotutila chimanga, likulila ndi kukalipa, n'kutsamiza mwala pamwamba. Anapiye sanavute kugwila. Anali asanaphunzile kuthawa. Wina anali adakali ndi kachidutswa ka chikhungwa cha dzila pamsana.

Ndinaganiza kuti kabawi amaona kuchokela kumwamba, koma akatsika amaonanso m'mbali, ndiye ndi bwino mtundu ufike paliponse. Ndinagwila woyamba kumutu ndi zala ziwili kuti madzi asalowe m'mphuno, n'kumumiza thupi lonse. Anatuluka ataonda. Ubweya wonse unamata, ndipo m'dzanja langa munatsala kanthu ka khosi lalitali, ka mimba yotupa, konga buluzi. Ndinachita mantha pang'ono, koma ndinati auma, dzuwa lilipo. Ndinamiza wachiwili, wachitatu, mpaka onse asanu ndi anayi, n'kuwandandalika padzuwa pafupi ndi mtondo.

Dzuwa la mu Juni ndi lonama. Limawala koma silitentha, ndipo tsiku limenelo mphepo inkatsika kuchokela kumapili n'kumakokolola mankhusu pabwalo. Anapiye sanayende. Anaima pomwe ndinawaika, akunjenjemela, akulila kulila kwina kotalika kumene ndinali ndisanakumvepo. Ndinati mai wao awafunditse. Ndinachotsa mwala, n'kukweza dengu.

Thadzi linatuluka nthenga zili njo, likuitana. Linathamangila kumene kunkamveka kulila, n'kuima. Linapendeketsa mutu, kuyang'ana ndi diso ili, kenako ndi linali. Mwanapiye mmodzi anadzikoka kupita pansi pa phiko lake. Linamujompha pamutu, n'kumunyamula ndi mlomo, n'kumutaya uko. Linajomphanso wina. Ndinaliingitsa ndi chitenje, linazungulila mtondo n'kubwelelanso, likuitana ana ake koma likumenya amene akuyankha. Kenako linapita pansi pa nkhokwe kukafufuza m'zikhungwa, n'kutulukanso, n'kuyamba kuzungulila bwalo lonse likuitana.

Uja woyamba kujomphedwa anatambasula miyendo. Sanachedwe kufa.

Ndinatola otsalawo asanu ndi atatu n'kuwaika m'chitenje, n'kuthamanga nao m'nyumba. Moto unali utazima, chifukwa nkhuni tinkasunga za madzulo. Chofunda chimene ndinali nacho pafupi ndi thupi langa basi. Ndinamasula bulauzi, n'kuwaika pachifuwa, pakati pa mabele ndi pansi pake, n'kumanga chitenje mothina pang'ono kuti asagwe. Anali ozizila ngati miyala ya mumtsinje. Timiyendo tao tinkandikanda, madzi a jivi akutsikila kumimba. Ndinakhala pansi pakona, mawondo m'mwamba, n'kufungatila ndi manja onse awili.

Pomwepo mwana anadzuka n'kuyamba kulila.

Sindikudziwa kuti ndinakhala maola angati pakona paja. Ndikasuntha, anapiye ankatsetseleka. Ndikafuna kuyamwitsa, bele linali lonse labuluu, ndipo ndinaopa kuti mankhwala ochuluka chonchi angamupweteke mwana m'mimba. Ndinapukuta nsonga ndi malovu ndi kansalu, mtundu osachoka, mwana akulilabe mpaka ndinangomupatsa. Anayamwa mwaukali, mwendo wake ukuponda anapiye, ine ndikutchinga ndi chigongono. Madzi ndinali ndisanatunge. Ndiwo ndinali ndisanathyole. Nyemba zimene apongozi anati ndiike pamoto zinali m'lichelo momwemo. Panja thadzi linkaitanabe, ndipo kunsi kumsewu malole ankabuula pokwela phili, ena opita ku Lusaka, ena opita kum'mawa kumene kuli kwathu. Chitseko chinali chotsegula, koma sindikanatha kufika ngakhale pakhonde.

Pang'ono ndi pang'ono kulila kotalika kuja kunasiya. Ndinamva tina tikuyamba kusuntha mofewa, tikudzikankhila kukhwapa. Ndinasuzumila. Ubweya unali utayamba kuuma ndi kuimanso, wabuluu bii. Koma mmodzi, wamng'ono pa onse, anali atauma mwa mtundu wina. Ndinamutulutsa n'kumuika pambali pa mwendo wa bedi. Anatsala asanu ndi awili.

Apongozi ndi alamu anafika dzuwa litapendeka, aliyense ndi thumba la thonje pamutu. Ndinamva matumba akugwa pakhonde, kenako mau a alamu.

"Alamu! Moto ulibe, madzi alibe. Kapena mwapita kale ku Petauke na miyendo?"

Analowa, n'kuima pakhomo mpaka maso atazolowela mdima wa m'nyumba. Anaona manja anga, khosi langa, milomo ya mwana ndi tsaya lake lonse labuluu. Anakuwa.

"Amama, bwelani! Mwana!"

Apongozi analowa mothamanga, n'kumutsomphola mwana pamiyendo panga, n'kupita naye poyela. Anamutsegula kukamwa, anamuyang'ana m'maso, anamununkhiza. Mwana anawaseka n'kuwagwila mphuno.

"Amake mwana, ni chani ichi?"

Ndinayesa kugwada, koma pogwada chitenje chinamasuka, ndipo anapiye awili anagwela pansi n'kuyamba kuyenda. Wachitatu anatulutsa mutu pakhosi pa bulauzi.

Alamu anayang'ana, anayang'ananso, kenako anakhala pansi ndi kuseka. Anaseka mpaka kugwila chitseko.

"Mayo ine! Amama, mpongozi wanu waswa! Tinali kuti ni mwana mmodzi, kansi ŵaliko ŵambili!"

"Chete iwe," anatelo apongozi. Anayang'ana kwa ine. "Kambani."

Ndinakamba, maso ali pansi, mau akutuluka ang'onoang'ono. Ndinanena za akabawi, za amai a ku Ndake, za mbale, za thadzi. Sindinanene za mau ao aja a dzanja.

"Ku Ndake!" anatelo alamu akupukuta misozi. "Alamu ŵangu, a ku Ndake amadontheza kadontho kamodzi pamsana, na nthenga, anapiye atakwanitsa sabata. Ubatizo wao ni wowaza. Imwe mwachita wa kumtsinje, womiza! Mu Juni! Mwaŵapatsa na maina?"

Apongozi sanaseke. Anabeleka mwana kumbuyo kwao, anawelama, n'kutola mwanapiye mmodzi. Anamutembenuza, anamuuzila mpweya pamimba, n'kumuika pakhutu ngati akumvetsela wailesi. Anaona wakufa uja pafupi ndi bedi. Anatuluka, n'kuona winayo pabwalo, nyelele zitamuyamba kale. Atabwelanso anandifunsa funso limodzi.

"Ine nili pano tsiku na tsiku. Munalephela kunifunsa?"

Ndinayang'ana pansi.

Anayesa okha kubweza anapiye kwa mai wao. Anagwila thadzi, analikhazika m'dengu, n'kulowetsa mmodzi pansi pa phiko mochenjela, dzanja lao likuphimba. Thadzi linakhala chete kanthawi, kenako linasuzumila pansi, n'kujompha. Anayesa ndi wina, chimodzimodzi. Analimasula n'kulikankha ndi phazi.

"Yakana. Nkhuku ikakana yakana."

Kenako anayamba kugwila ntchito, monga ankachitila nthawi zonse m'malo molankhula. Anatuma alamu kukapala moto kwa aneba ndi kuyatsa mbaula. Anatenga mphika wakale wosweka kukamwa, n'kuyalamo thonje, osati loyela logulitsa, koma lija lakuda lotola pansi limene ankalipatula. Anaika anapiye mmenemo, n'kuphimba ndi lichelo, n'kuika mphikawo pafupi ndi mbaula. Anandigwila dzanja n'kuliika pambali pa mphika.

"Mumve. Pakatentha kuposa apa, asamula kukamwa, mwaŵaphika. Pakazizila, aunjikana na kulila, mwaŵapha. Makala osalekela kuzima. Madzi mumphika osaika, azanyowanso. Muziŵatulutsa mmodzi mmodzi, kumiza kamlomo m'supuni, kambili pa tsiku. Mailo muyambe gaga wosefa, wouma. Chiswe chikapezeka, muŵapatse chochepa."

"Mpaka liti, amama?" Ndi funso loyamba limene ndinawafunsa ndekha chifikile pamudzi paja.

"Mpaka nthenga zimele m'mapiko na pamsana. Masabata atatu, kapena anayi na mphepo ino."

Alamu anasiya kupemelela mbaula. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana mai ao.

"Nanga lole ya mailo?"

Apongozi anamasula mwana n'kundipatsa. Anakhala pachitsa chimene chinali pakhomo, n'kuyamba kuchotsa minga ya chisoso pachitenje chao, umodzi umodzi.

"Ine nakamba kale kuti apite. Sinibweza mau. Mwendo sininaumange."

"Lomba anapiye?"

"Thonje latsala mizele ya kumunsi yonse. Ng'ombe za ŵanthu azimasula sabata ya mailo. Nikhale pano kufukatila mphika, thonje lidyewe? Kapena iwe ukhale?"

Alamu anayambanso kupemelela mbaula. Thonje limenelo ndilo linkagula feteleza ndi mchele wa chaka chonse, ndipo mizele ina inali yao, ya ana ao awili amene bambo wao anawasiya. Anayesa njila ina.

"Aŵanyamule. Aŵaike m'kabokosi, apite nao."

"Pa lole? Kutsogolo kuli dalaivala na anyamata ŵake, iye azakhala pamwamba pa mabelo na mwana. Mphepo ya pamwamba paja azafika pa Nyimba ali ŵangati?" Anachotsa munga wina. "Ndiponso ni nkhuku za mwana wa pano. Ŵanthu azakamba kuti mtengwa wayamba kututa."

Mumphika munkamveka timau tofewa, ta anapiye amene afunda. Ndinayembekeza kuti apongozi anene kuti khalani, kapena pitani zife. Akanati khalani, ndikanalila, n'kukhala ndi munthu womudandaula mumtima. Akanati pitani, ndikanapita. Sananene chilichonse mwa ziwilizi. Anaimilila, anakung'untha chitenje, n'kupita kukasankha nyemba zimene ine ndinalephela kuphika.

Alamu anandiyandikila, n'kunong'ona. "Pitani imwe. Ni nkhuku chabe. Amai ŵanu ni ŵamodzi. Azakamba, azatopa."

Zinali zoona. Ndinadziwa kuti zinali zoona. Koma alamu anali mwana wa pakhomo, akanatha kutukwanizana ndi mai ao m'mawa, masana n'kudyela mbale imodzi. Ine ndinali wobwela, ndipo kumene ndikanapita ndikanabwelakonso, kudzakhala zaka zonse pabwalo lomwelo. Ndiponso panali china chimene sindikanatha kuwauza alamu. Tinthu tija tinali titauma pakhungu langa. Ndikasuntha dzanja pafupi ndi lichelo, tinkayamba kuitana. Amene anatimiza ndine, ndipo amene tinkamudziwa tsopano ndine.

Katundu sindinamasule tsiku limenelo. Ndinagona mphika uli kumutu, mbaula ili pakhomo, chitseko chili chotsegula pang'ono chifukwa cha utsi wa makala.

Kutacha onse asanu ndi awili anali moyo. Ndinawamwetsa mmodzi mmodzi ndi supuni, n'kuwawazila gaga pachivundikilo cha poto. Awili anajompha, enawo anangoyang'ana. Ndinaonjezela makala. Apongozi anali akunola khasu kuseli, osandiyang'ana. Alamu anali atavala kale nsanza zakumunda, koma ankachedwa dala, akufunafuna chinthu chimene sichinasowe.

Ndinamasula mtolo wanga. Ndinachotsamo matewela ndi zovala, n'kusiyamo chitenje chatsopano, mchele ndi sopo. Kenako ndinasolola luzi padenga la khonde, ndinaliviika m'madzi kuti lifewe, n'kugoneka mwana pamphasa. Ndinayeza kuyambila pamutu mpaka kuchidendene, iye akuponda mwendo, n'kumanga mfundo. Ndinazunguliza pamimba, n'kumanga mfundo yachiwili. Ndinazunguliza pantchafu pamene panali ponenepa kwambili, n'kumanga yachitatu. Luzi linadetsedwa ndi zala zanga. Ndinalikulunga n'kuliika pakati pa chitenje.

Lole inaliza hutala kumsewu dzuwa litangotuluka pamwamba pa phili.

"Alamu, mungandikhalile pa mphika pang'ono?"

"Thamangani," anatelo, osaseka.

Ndinatsika ndi mwana kumbuyo, mtolo m'manja. Lole inali itaima pambali pa tala, injini ikulila, mabelo ataunjikidwa mpaka pamwamba. Msuweni wa amuna anga anatulutsa mutu pawindo.

"Kwelani, alamu, tachedwa! Katundu ni aka chabe? Nanga manja mwachita nao chani, mwagwa mu inki?"

Ndinagwada pafumbi, n'kukweza mtolo ndi manja awili.

"Sinipita, bambo. Nipemphako musiye aka pa Nyimba, kwa amai aja ogulitsa nthochi pansi pa mtengo. Adziwa kwathu."

"Simupita? Ine sinibwelanso chaka chino, mwamva?"

"Namva."

Anandiyang'ana, kenako analandila mtolo n'kuuika pampando. "Nanga nikambe kuti chani?"

"Mukambe kuti mkati muli luzi. Mfundo yoyamba ni kutalika kwa mwana. Yachiwili ni mimba. Yachitatu ni ntchafu. Mukambe kuti ayamwa bwino, aseka, afanana na malume ŵake pamphumi."

"Mfundo yoyamba kutalika, yachiwili mimba. Yachitatu?"

"Ntchafu."

"Ntchafu. Nanga akafunsa chimene chakugwilani?"

Ndinayang'ana manja anga. Anyamata awili amene anakhala naye kutsogolo ankandiyang'ananso.

"Mukambe kuti ntchito."

Anagwedeza mutu, n'kulowetsa giya. Sindinadikile kuti lole ikhote. Ndinakwela njila yobwelela, ndipo pachulu cha pafupi ndi munda wa aneba ndinaima, n'kugumula dothi ndi chitsa mpaka chiswe chinatuluka. Ndinachikokolela pa phale limodzi ndi dothi lake, ndinaphimba ndi tsamba, n'kufulumila kumtunda kuti alamu apite kumunda.